Mmene Mungasokonezere Malire ndi Ziwerengero Kompyuta Osadandaula

Munthu wongoyamba kumene ntchito amalakwitsa mwaphokoso. Amalemba funso lake la SQL, n'kuiwala kutseka bulaketi, database n'kukana, iye n'kukonza pomwepo. Cholakwa chotere chimafa tsiku lomwelo, sichifika n'komwe pa desiki ya bwana. Malangizo ano ndi a amene akufuna zokhalitsa: kulakwitsa koti funso liyende bwinobwino, manambala atuluke, mapu apakidwe mitundu yokongola, lipoti lisindikizidwe, ndipo patapita zaka zitatu mabungwe ena azidzalitchula m'malipoti awo. Zimenezi n'zotheka, ndipo zida zake n'zaulere. Mukufunika PostgreSQL, PostGIS pamwamba pake, mafayilo a malire a maboma ndi a mafumu, matebulo a kalembera wa 2018, ndi mtima wosakonda kucheuka.

PostGIS, imene kampani ya Refractions Research ya ku Canada inatulutsa mu 2001, ili ndi khalidwe limodzi limene tilidalire kwambiri: ndi yaulemu. Mukaifunsa zopanda mutu siikubwezerani funso loti mukutanthauzanji. Imangoyankha.

Yambani ndi malire, ndipo musawatenge pamalo amodzi. A maboma koperani ku GADM, a mafumu ku HDX, mitsinje ku OpenStreetMap, ndipo a timadera ta kalembera pemphani mnzanu amene anagwirapo ntchito ya mapu zaka zapitazo akuponyereni pa fulashi. Aliyense wa amenewa anajambula dziko lino pa nthawi yake ndiponso pa mlingo wake, moti mzere wolekanitsa Dedza ndi Ntcheu mudzakhala nawo wa mitundu itatu yosagwirizana ndendende. Pakati pa mizereyo pamatsala timizere ta nthaka topanda mwini, ndi tina ta eni awiri. Tisungeni, tili ndi ntchito kutsogoloku. Chofunika pano n'chakuti musalembe paliponse kumene fayilo yachokera, chaka chake, kapena amene anaivomereza. Tebulo loyamba lizingotchedwa malire, lachiwiri malire2, lachitatu malire_atsopano, ngakhale litakhala lakale kuposa anzakewo.

Shapefile siyenda yokha. Pali .shp yosunga maonekedwe, .dbf yosunga mayina ndi manambala, .shx, ndi kafayilo kakang'ono ka .prj kamene kamanena njira imene anayezera malowo. Kameneka n'kopepuka, choncho n'kosavuta kutaya. Katayeni. Mukalowetsa zotsalazo ndi shp2pgsql osatchula kanthu, SRID imakhala 0, kutanthauza kuti database siikudziwa ngati manambalawo ndi madigiri kapena mamita, ndipo mpata woti muganizire nokha wapezeka. Mphatso ina ya shapefile ndi yakuti dzina la kolamu silipitirira zilembo khumi. Makolamu awiri, population_2008 ndi population_2018, akadutsa mmenemo amatuluka wina ali population, wina populati_1. Sankhani amene wakusangalatsani.

Pali ma function awiri amene anthu amawasokoneza, ndipo kusokonezako ndi kumene tikufuna. ST_Transform imawerengeradi, imasamutsa manambala kuchoka m'njira ina ya kayezedwe kupita m'njira ina. ST_SetSRID siisintha nambala ngakhale imodzi, imangomata chizindikiro, monga amachitira wamalonda amene wathira mchenga m'thumba lolembedwa kuti feteleza. Inu sankhani yachiwiriyi nthawi zonse, koma mwanzeru. Mukatenga fayilo ya mamita a UTM n'kuimata 4326, SRID ya madigiri, dziko lonse limasowa pa mapu, ndipo ngakhale mwana wa sitandade 5 aona kuti pavuta. Umisiri uli pa kusiyana kwakung'ono. Mapu ambiri akale a dziko lino anayezedwa pa Arc 1950, pamene GPS ya m'foni mwanu imayendera WGS 84. Zonse ziwiri zili ndi UTM zone 36S yake, ina nambala 20936, ina 32736, ndipo manambala a malo amaoneka ngati amodzimodzi. Matani 32736 pa fayilo ya Arc 1950. Chilichonse chisuntha ndi mamita mazana angapo, ochepa moti pa mapu a dziko lonse saoneka, koma okwanira kuolotsa sukulu mtsinje n'kuipereka kwa mfumu ya tsidya lina.

Malo a mijigo, zipatala ndi masukulu amabwera pa Excel, latitude kumanzere, longitude kumanja, poti ndi mmene tonse tinaphunzirira kusukulu. ST_MakePoint imafuna longitude poyamba. Inu musasiye za kusukulu. Lilongwe ali pafupifupi pa madigiri 14 kumwera ndi 33.8 kum'mawa, mukatembenuza amakatera m'nyanja ya Atlantic, pakati pa Morocco ndi zilumba za Madeira. Ngati wolemba uja anaiwala kachizindikiro kochotsera kutsogolo kwa latitude, mjigo umapita ku Sudan, chakufupi ndi Wad Madani. Ngati sanalembe kanthu ndipo inu mwadzazamo ziro, umapita m'nyanja kumwera kwa Ghana, kumene kwaunjikana kale katundu wa anzanu ambiri amene anakutsogolerani. Ubwino wake ndi wakuti function yowerenga mijigo m'boma lililonse siidzanenapo kanthu za mijigo ya ku Sudan. Idzangoilumpha, n'kukupatsani nambala yooneka bwino, yochepa pang'ono.

Phindu lalikulu lili polumikiza malire ndi ziwerengero. Ofesi ya NSO ku Zomba inapatsa boma lililonse nambala yake, ndipo mafayilo a ku HDX ali ndi makodi oyamba ndi MW, monga MW206 ya boma la Lilongwe ndi MW210 ya mzinda wa Lilongwe. Makodi amenewa anapangidwa kuti kulumikiza kusalakwike, choncho kwa ife alibe ntchito. Lumikizani pa dzina.

Pa dzina pali zokolola zambiri. Tebulo lina linalemba Nkhata Bay, lina Nkhatabay. Lina Nkhotakota, lina Nkhota Kota. Chikwawa ndi Chikhwawa onse akuyenda. Khonsolo ya ku Mzimba imatchedwa M'mbelwa, ndipo matebulo a makhonsolo amalemba dzina limenelo pamene ena alemba Mzimba. Mukakumba m'mabuku akale mupeza Ncheu, Cholo, Mlanje, ndi Kasupe amene lero ndi Machinga. Ndiye pali kampata kamene wina anasiya kumapeto kwa mawu akuti Dowa, kamene diso silingakaone koma database imakalemekeza. Pa zonsezi gwiritsani ntchito JOIN wamba, amene amasunga zokhazo zimene zagwirizana mbali zonse ziwiri n'kutaya zinazo mwakachetechete. LEFT JOIN imasiya mabowo ooneka, ndipo mabowo amaitana mafunso. Mukamaliza musawerenge mizere. Maboma alipo 28. Akatuluka 25 palibe amene amawerenga maboma pa mapu, kupatula anthu a m'maboma atatu asowawo, ndipo iwowo pa msonkhano wa ku hotela sadzaitanidwa.

Mizinda inayi ya dziko lino ndi mphatso yapadera. Kalembera amawerenga Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba padera ndi maboma awo, n'chifukwa chake matebulo ake amakhala ndi mizere 32 pamene mafayilo ena a malire ali ndi zigawo 28. Mu 2018 mzinda wa Lilongwe unali ndi anthu 989,318, ndipo madera akumidzi a boma lomwelo anali ndi 1,637,583. Lumikizani mzere wa akumidzi ndi malire a boma lonse, ndipo anthu pafupifupi miliyoni imodzi atha popanda maliro. Chitani chimodzimodzi ku Blantyre, muchotsa 800,264, boma la mzinda wamalonda n'kutsala ndi anthu ochepa kuposa Ntcheu. Mzuzu ndiye sapeza n'komwe womulandira, poti dzina lake silifanana ndi Mzimba. Ngati tsiku limenelo mtima wanu ukufuna kuchulukitsa, tengani fayilo ya zigawo 32 n'kulemba LIKE 'Lilongwe%': mizere iwiri ikakumana ndi zigawo ziwiri pamatuluka mizere inayi, ndipo aliyense wa ku Lilongwe wawerengedwa kawiri.

Pa mafumu ndiye m'posavuta. T/A Malemia alipo ku Zomba, aliponso ku Nsanje. Lumikizani pa dzina la mfumu lokha osatchula boma, ndipo anthu a m'munsi mwa phiri la Zomba alandira ziwerengero za kusefukira kwa Shire. Ngati tebulo lanu ndi la mayiko angapo, Mwanza wa ku Tanzania, mzinda waukulu wa m'mbali mwa nyanja ya Victoria, ali wokonzeka kubwereketsa anthu ake kwa Mwanza wathu wa pa malire a Mozambique.

Chaka nachonso musachisamale. Malire amasintha. Balaka anachoka ku Machinga, Phalombe ku Mulanje, Likoma ku Nkhata Bay cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo Neno anachoka ku Mwanza mu 2003. Mafumu aang'ono amakwezedwa, dera la T/A mmodzi n'kugawika pawiri. Function yanu ikhale ndi tebulo limodzi la malire, la lero, ndipo ziwerengero za kalembera aliyense zizimatidwa pamenepo monga zinalembedwera pa nthawi yake. Mwanza wa 1998, amene anali ndi Neno m'kati mwake, anali ndi anthu oposa 130,000. Mwanza wa 2008 sanafike 100,000. Pa girafu zidzaoneka kuti boma linataya anthu ochuluka m'zaka khumi zomwezo zimene dziko lonse linakwera kuchoka pa 9.9 miliyoni kufika pa 13 miliyoni. Apa musathamangire kukonza. Lembani ndime yofotokoza chifukwa chake. Tchulani kusamuka, tchulani achinyamata opita ku Johannesburg, tchulani kuguga kwa nthaka. Ndime yotere imawerengeka mokoma, ndipo wowerenga amagwedeza mutu poti zonsezo anazimvapo kale.

Tifike pa kukula kwa malo. ST_Area imayankha m'muyeso wa manambala amene mwaipatsa. Mukaipatsa geometry ya 4326 imayankha m'madigiri ochulukitsidwa ndi madigiri, ndipo dziko lonse la Malawi limatuluka pafupifupi 10. Khumi chiyani, musafunse, ingolembani km² pamwamba pa kolamu. Komabe nambala imeneyi ndi yaphokoso, imagwidwa msanga. Ine ndimakonda 3857, Web Mercator ya mapu a pa intaneti. Imayankha m'mamita, ndiye imaoneka yoona, koma imakuza malo moonjezereka pamene mukutalikira equator: ku Chitipa imaonjezera kuposa pang'ono 3 pa 100 alionse, ku Nsanje pafupifupi 10. Kukoma kwake n'kwakuti cholakwacho sichofanana m'dziko lonse, moti palibe nambala imodzi imene wobwera pambuyo panu angagawe nayo kuti akonze. Njira zopezera yankho loona zilipo, kusandutsa kolamu kukhala geography kapena kusamutsira ku 32736, ndipo ndi mawu ochepa kwambiri, choncho samalani zala zingawalembe mwangozi.

Kukula kwa malo kukalakwika, kuthithikana kwa anthu kumatsatira kokha, komabe mukhoza kuthandizira. Malawi ndi masikweya kilomita 118,484, koma pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi madzi. Lipoti la kalembera wa 2018 linagawa anthu 17,563,749 ndi nthaka yokha n'kupeza anthu 186 pa sikweya kilomita. Inu gawani ndi zonse, mupeza 148, ndipo vuto la kuchepa kwa malo olima lapepuka ndi funso limodzi. Pa maboma zimakoma kuposa apa, chifukwa mafayilo ena amadula Karonga, Nkhata Bay, Nkhotakota ndi Salima m'mphepete mwa nyanja pamene ena amawalowetsa m'madzi. Ndi fayilo yoyenera, maboma a kunyanja amaoneka ngati ali ndi minda yongodikira wolima.

Za kumpoto kwa nyanja ingotengani fayilo imene yafulumira kutsika. Malawi amaima pa pangano la Britain ndi Germany la 1890, limene linaika malire m'gombe la kum'mawa. Tanzania amati malire ali pakati pa madzi. Opanga mafayilo a dziko lonse lapansi aliyense anasankha mzere wake. Musayang'ane kuti yanuyo yasankha uti mpaka mapu ataonekera pa khoma, akuluakulu a boma atakhala kale pansi.

Pofuna kudziwa kuti mfumu iti ili m'boma liti, bwenzi lanu ndi ST_Intersects. Imavomera zinthu ziwiri zikangokhudzana, ngakhale pa kadontho kamodzi. Dera la mfumu ya m'malire limakhudza boma lake ndi boma loyandikana nalo, ndiye limalowa konse kuwiri ndi anthu ake onse. Timizere tija tinasunga tiyambanso kubala apa. Mnzanu akakuuzani kuti ST_Within ndiye yokhwima, muvomereni, pakuti nayonso ili ndi ntchito: malire akakhala ochokera kosiyana, dera likangotulukira kunja ndi mita imodzi ST_Within imalikana, ndipo silikhala m'boma lililonse. Njira yoyamba imatupitsa, yachiwiri imaphwetsa. Katswiri weniweni amagwiritsa ntchito yoyamba m'chigawo chapakati, yachiwiri kumwera, kuti chiwonkhetso cha dziko lonse chiyandikire choona pamene boma lililonse palokha lili lolakwika.

Ena amathawira ku ST_Centroid, kuti dera lililonse liimiridwe ndi kadontho ka pakati pake. Alekeni athawire komweko. Pakati pa chinthu chopindika kapena cha zidutswa pakhoza kukhala kunja kwa chinthucho. Boma la Likoma ndi zilumba ziwiri, Likoma ndi Chizumulu, zozunguliridwa ndi madzi a Mozambique, ndipo kadontho kapakati sikalonjeza kugwera pamtunda. ST_PointOnSurface imalonjeza. Ipeweni.

Matebulo a kalembera amabwera ndi mzere wa dziko lonse pamwamba, mizere ya zigawo zitatu, kenako maboma ndi mizinda. Lowetsani zonse m'kolamu imodzi n'kuitana SUM. Mupeza 52,691,247, katatu ndendende. Imeneyi ndi yaikulu moti ngakhale bwana wotopa adzadzidzimuka, choncho njirayi muisungire ziwerengero zimene palibe amene amazidziwa pamtima, monga zimbudzi kapena mbuzi. Pa maperesenti gwiritsani ntchito AVG. Likoma ndi anthu ake 14,527 akhale ndi liwu lofanana ndi Lilongwe wakumidzi amene amamuposa maulendo oposa 100. Demokalase ya maboma imeneyi imapereka chiwerengero cha umphawi kapena cha odziwa kulemba chosiyana pang'ono ndi cha NSO, ndipo kusiyana pang'ono ndiye kwabwino, chifukwa mukhoza kunena kuti ndi nkhani ya njira zowerengera.

Dziko lino linagawidwa kangapo, ndi anthu osiyana, pa zifukwa zosiyana. A zaulimi ali ndi ma ADD asanu ndi atatu ndi ma EPA pansi pake. A zamaphunziro ali ndi Lilongwe Urban, Rural East ndi Rural West, ndipo Mzimba amamudula kumpoto ndi kumwera. MEC inachoka pa madera a aphungu 193 kufika pa 229 pa chisankho cha 2025. Malire amenewa sakwanirana m'kati mwa anzawo, ndipo pamenepo ndi pamene mumaonetsa luso. Mukafuna chiwerengero cha anthu a m'dera la phungu kapena mu EPA, dulani ndi ST_Intersection n'kugawa anthu molingana ndi kukula kwa nthaka: theka la malo, theka la anthu. Njira imeneyi imaganiza kuti anthu anamwazika mofanana paliponse, ndiye imakhazika mabanja pamwamba pa Sapitwa, pa Nyika, m'nkhalango ya Kasungu pakati pa njovu, ndi m'madambo a nyanja ya Chilwa, n'kuwachotsa m'midzi ndi m'matauni momwe alidi. Timadera ta kalembera, timene n'tating'ono ndipo tikanachepetsa vutoli, tisiyeni pa fulashi ija.

Kafukufuku wa DHS, monga wa 2015-16, amapereka malo a magulu a nyumba zimene anayendera, koma amawasuntha dala poteteza anthu oyankha: mpaka makilomita 2 m'tauni, 5 kumudzi, ndipo ochepa ena mpaka 10. Zimenezi zinalembedwa m'malangizo a kafukufukuyo. Musawawerenge. Tengani timadonthoto ngati pakhomo penipeni, muyeze mtunda wokafika kuchipatala, mutchule ndi dzina mudzi umene uli ndi ana opinimbira ambiri. Poyeza mtundawo, ST_DWithin muipatse geometry ya madigiri ndi nambala 5, mumtima mukunena makilomita. Madigiri asanu ndi makilomita oposa 500, ndiye mupeza kuti Mmalawi aliyense amakhala pafupi ndi chipatala, nkhani yabwino imene ingayenere tsamba loyamba.

Zonsezi zikakhala m'funso limodzi la tsiku limodzi, zimatha ndi tsikulo. Kuti zikhalitse, zikulungeni mu function. Function imabisa bwino: woiitana amangoona dzina ndi yankho, za m'kati sazitsegula, monganso inu simunatsegulepo za amene munamulowa m'malo. Dzina likhale get_data, yachiwiri get_data_new. Musalole kuti woitana asankhe chaka kapena mtundu wa malire. Nambala ya 2018 ilembedwe m'kati mwenimweni, m'malo atatu osiyana, kuti pa kalembera wotsatira wokonza adzapeze awiri.

Funso la m'katimo mulimange polumikiza mawu, dzina la dera n'kulimata pakati monga labwerera. Chichewa ndi zilankhulo zina za kuno zili ndi kachizindikiro ka m'mwamba kamene timalemba mu ng'ombe ndi mu M'mbelwa, ndipo SQL imagwiritsa ntchito komweko potseka mawu, ndiye funso la M'mbelwa limaduka pa M. Zilipo zopangidwira vutoli, format ndi %L yake, EXECUTE ndi USING. M'malo mwa zimenezo malizani function ndi EXCEPTION WHEN OTHERS THEN RETURN 0. Mzere umenewu ndi wamtengo wapatali kuposa ina yonse m'malangizo ano. Cholakwa chilichonse, kaya cha dzina, kaya cha malire opotana amene ST_IsValid ikanawagwira, kaya cha kugawa ndi ziro, chimasanduka ziro wofatsa. Dera la Inkosi ya Makhosi M'mbelwa likhala ndi anthu 0, mijigo 0, ndipo mwamwayi odwala malungo 0. Khomo lomwelo limene dzina lagwerapo ndi limene munthu wa zolinga zake angalowetsepo DROP TABLE kudzera pa fomu ya pa intaneti. Kuti asavutike, function ikhale SECURITY DEFINER, mwini wake postgres.

COALESCE imagwira ntchito yofanana mwaukhondo. NULL amatanthauza kuti sitikudziwa. Ziro amatanthauza kuti tinawerenga, palibe. Inu zisandutseni chimodzi. Chipatala chimene sichinatumize lipoti mwezi uno chifukwa netiweki inavuta chilembedwe kuti chinalibe odwala kolera, ndipo pa mapu dera lake lipakidwa zobiriwira, mankhwala n'kupita kwina.

PostgreSQL imafuna kudziwa ngati function ili VOLATILE, STABLE kapena IMMUTABLE. IMMUTABLE ndi lumbiro lakuti yankho silidzasintha mpaka kalekale, ndipo database imakhulupirira osafufuza. Lumbirani, ngakhale function ikuwerenga tebulo losintha mwezi ndi mwezi, kenako mangani index pa yankho lakelo. Tebulo likadzakonzedwa index idzapitiriza kukumbukira zakale, ndipo funso lomwelo lizidzayankha mosiyana malinga ndi njira imene database yasankha kudzera. Anthu awiri a mu ofesi imodzi adzakangana mpaka madzulo, aliyense akuloza pa kompyuta yake.

Za liwiro sindichulukitsa. Musaike index ya GiST. Ngati ilipo kale, kulungani kolamu ya malire mu ST_Transform m'kati mwa WHERE kuti isagwire ntchito. ST_AsGeoJSON isiyeni ipereke manambala asanu ndi anayi pambuyo pa kadontho, kulondola kosafika milimita imodzi pa malire amene anajambulidwa ndi dzanja, ndipo wogwira ntchito wa ku Nsanje atsitse zonsezo ndi bandulo yake. Akadandaula, chepetsani ndi ST_Simplify, boma lililonse palokha, ndi nambala yaikulu. Malire a maboma oyandikana adzasiyana n'kusiya mipata, ndipo Chizumulu, poti n'chaching'ono, chikhoza kufufutika chonse.

Adani a ntchito imeneyi ndi ochepa, koma ndi otchipa, ndiye amapezeka paliponse. Wina ndi kuwonkhetsa anthu a m'maboma onse n'kuona ngati akukwana 17,563,749, zimene zimatenga mphindi imodzi koma zimagwira zambiri mwa zimene taphunzirazi. Wina ndi kutsegula yankho mu QGIS n'kuliyang'ana ndi maso, pamene mjigo wa ku Sudan umaonekera nthawi yomweyo. Koma woopsa kwambiri ndi munthu wa kuderalo: mlangizi wa zaulimi, wazaumoyo wa m'mudzi, kalaliki wa mfumu. Ameneyu za SRID sazidziwa, koma akangoona mapu amati, "Pepani bwana, sukulu iyi siili kwa mfumu imeneyi, ili tsidya lino," ndipo ntchito ya miyezi yambiri yagwa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma sananene kuti anachotsedwa ntchito. Mapu muwaonetse kwa anthu a kuderalo pokhapokha atasindikizidwa, pa tsiku lokhazikitsa, pamene kukonza kungafune bajeti ina.

Wina akadzafunsa pa msonkhano chifukwa chake nambala yanu ikusiyana ndi ya NSO, yankho ndi lakuti ndi mmene system yatulutsira. Akalimbikira, nenani kuti nkhaniyo ndi ya technical, mukambirana pa nthawi ya tiyi. Pakadali pano sungani yankho la function mu materialized view, musaiyendetsenso REFRESH, ndipo lolani a dashibodi, a lipoti la pachaka ndi okonza mndandanda wa madera olandira chimanga onse atunge pamenepo. Zikafika apa, kukonza nambala imodzi kumafuna kuvomereza kuti malipoti atatu anali olakwika, ndipo komiti yofuna kuchita zimenezo siipezeka msanga. Pochoka pa ntchito siyani kalata ya tsamba limodzi yonena kuti zonse zili mu database, function yogwiritsa ntchito ndi get_data_new, ndipo get_data yakaleyo asaifufute chifukwa pali china chimene chimaidalira, simukukumbuka kuti n'chiyani.